Langgam ya Kuno Imauluka

Mayi Teofila Cabahug, amene aliyense kumapiri a pachilumba cha Negros amawatchula kuti Nang Pilang, sadziwa kukhala pansi. Anaphunzitsa kalasi yoyamba zaka makumi atatu, ndipo mawondo atayamba kudandaula, akuluakulu a maphunziro anawapatsa ntchito ina: kuyendera aphunzitsi atsopano m'sukulu zinayi za kumtunda, kumene msewu umathera m'minda ya nzimbe. Ntchitoyo ndi yongokhala kumbuyo kwa kalasi n'kumaonerera. Koma iwo amakhala pang'ono, adzuka kukawongola benchi, akhalanso, adzukanso kukapukuta mwana mamina.

Imene inkawasowetsa mtendere inali sukulu yomalizira, ya zipinda zitatu. M'zaka ziwiri aphunzitsi atatu anali atathawako. Wachinayi anali Lorelie Dimaculangan, mtsikana wa kutali ku Batangas amene anakwatiwa kuno, mwamuna wake n'kupita kukagwira ntchito pa sitima zapanyanja. Kwawo amalankhula Chitagalogi, chimene chilinso m'mabuku. Chibisaya, chimene ana a kuno amayamwira, ankangodziwako cha moni ndi cha pamsika. Iyeyu akanachoka, ana makumi anayi akanabwerera kukapalira nzimbe, poti wina sakanapezeka chaka chisanathe.

Lolemba lina Nang Pilang anatsika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, n'kupeza Lorelie ataima pakhomo la kalasi, kalata m'manja.

"Chimenecho n'chiyani, Day?" anafunsa, pomuitana monga timaitanira atsikana onse kuno. "Kalata yachikondi?"

"Yosiya ntchito, Nang. Mukandiperekere ku ofesi."

"Iii, mamawa onsewa? Ndisanamwe ndi khofi yemwe?"

"Musaseke. Anawa amandinyoza. Ndikanena ichi, iwo achita icho, kenako phwete! Ndatopa ine."

Nang Pilang anaipinda kalatayo n'kuilowetsa m'thumba la bulauzi. "Phunzitsa kamodzi ndione. Ukamaliza ndipita nayo."

Phunziro linali la Chitagalogi, nkhani ya kulimbikira ntchito. Lorelie anawerenga bwino, mawu omveka, kenako analamula kuti aliyense ajambule langgam itanyamula chakudya. Ana anawerama. Nang Pilang sanapirire pampando. Anayamba kuzungulira m'mabenchi, ndipo paliponse anaona mbalame: zina pa nthambi, zina zili ndi njere ya chimanga kukamwa.

Lorelie atasuzumira pa pepala loyamba, nkhope inagwa. "Sabata yatha ndinakuuzani chiyani? Langgam ili ndi miyendo isanu ndi umodzi!"

Ana anayang'anana. Ena anaseka chobisa. Ena, omvera kwambiri, anangotenga pensulo n'kuwonjezera mbalame zawo miyendo inayi.

"Mwaona, Nang? Mwaona mwano wake?"

Apo m'pamene Nang Pilang anazindikira, ndipo manyazi anagwira iwo, osati mtsikanayo. Miyezi itatu yathunthu anamuphunzitsa kukonzekera phunziro, kuitana mayina, kusunga choko kuti chisanyowe. Koma sanamufunsepo tsiku ndi limodzi kuti anawa akamalankhula, iye amamva chiyani.

"Day, kwanu langgam n'chiyani?"

"Nyerere. Nanga n'chiyaninso?"

"Ana inu, langgam imakhala kuti?"

"M'mwamba!" kalasi yonse inakuwa, manja akukupiza ngati mapiko.

Lorelie anatembenukira Nang Pilang, choko m'manja.

"Ya kwanu ikukwawabe, mwanawe," anatero Nang Pilang. "Ya kuno inauluka kalekale. Anawa sakukunyoza. Akudabwa kuti kwa aphunzitsi awo kuli mbalame zotani za miyendo yonseyo. Wolakwa ndine. Ndinayenera kukuuza tsiku loyamba."

Lorelie anatola pepala limodzi, n'kuyang'anitsitsa mbalame ya miyendo isanu ndi umodzi. Kuseka kunamutuluka pamodzi ndi misozi. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kujambula kanyerere pa bolodi.

"Nanga aka mumati chiyani?"

"Hulmigas!"

"Pang'onopang'ono, ndilembe." Anafunafuna pepala patebulo, koma mapepala onse anali atagawira ana. Nang Pilang anatulutsa kalata ija n'kuitembenuza. Lorelie anazengereza pang'ono, kenako analemba kuseri kwake. Ana ataona kuti aphunzitsi akufuna mawu a Chibisaya, anayamba kuwaponyera ngati mvula: chule, khasu, njala.

Belu litalira, Nang Pilang anali ataima kale pakhomo, chikwama paphewa, poti sukulu ina inali kuwadikira kutsidya la mtsinje.

"Nanga kalatayi ku ofesi ndikaipereka bwanji ili ndi nyerere?" anafunsa.

"Isiyeni kaye, Nang. Kuseriku kukadzaza, ndidzaona chochita."

Nang Pilang anasuzumira pepalalo. Theka linali litatha kale.

"Ndiye uzilemba timalemba ting'onoting'ono, wamva? Usamawononge malo."