Fumbi la Luangwa

"Amake Tiza, mtsinje uja wapita kuti?" anafunsa aNyaGoma, anzanga oyandikana nawo nyumba, akuloza pepala pakhoma.

Amuna anga amajambula chigwa cha Luangwa ndi choko cha mitundumitundu. Chithunzi chimenecho anachivutikira chilimwe chonse, ndipo mzungu wina ku boma anali atachifuna kale. Ine, mayi waukhondo, ndinaonapo fumbi, n'kupukuta bwinobwino ndi kansalu konyowa. Ndikanadziwa bwanji kuti fumbilo ndiye chithunzicho?

"Ndi Tiza," ndinayankha. Tizayo ali kumsana, asanayambe n'kukwawa komwe.

"Ali ndi mikono yaitali mwanayu," anatero, maso ali pa kansalu kobiriwira m'manja mwanga.

Manje pakhomapo patsala matope. Tinataya mtsinje, mapiri awiri, njovu, ndi njinga imene tikanagula.