Nsalu ya Osenza Mchenga

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe kapitawo anatiuza kuti tiyi wachepa, tikakhale kunyumba mpaka mvula idzagwe. Ine ndi Esinati tinkathyola tiyi mizere yoyandikana kuyambira tili atsikana, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno. Pobwerera ndinamuuza kuti, "Chemwali, ine basi. Ndatopa kudikira mvula ngati chule." Iye anangoseka. "Pitani asisi, ife tizisunga mudzi." Mumtima ndinati sunga, nanga ungapite kuti iwe, munthu woti ngakhale mu Limbe umasochera?

Ndinagulitsa mbuzi ndi njinga ya malemu amuna anga, ana n'kuwasiya ndi amayi ku Khonjeni kuno. Ntchito ndinaipeza ya m'nyumba, kuchapa ndi kulera ana a eni. Ndalama inalipo, ndisaname, moti nyumba yanga inalowa malata chaka chisanathe. Koma kusungulumwa kwake, ee! Loweruka m'mawa, nthawi yomwe kwathu anthu amakhala atayamba nyimbo za Sabata, ine ndinkakhala ndikukolopa bafa, kuyimba chamumtima kuopa kudzutsa abwana. Munthu wondifunsa kuti ndadzuka bwanji kunalibe.

Chondisangalatsa chinali mauthenga a mawu amene Esinati ankanditumizira pa foni. Poyamba ankanena zoseketsa: wakwatiwa ndani, wathawa ndani. Kenako nkhani zinasintha. Khansala wakale anagwa pachisankho, analowa mnyamata uja ankagulitsa mayunitsi pasiteji. Pamsika anamanga shedi, ogulitsa nthochi anachoka m'mbali mwa msewu. Tsiku lina anati, mwamanyazi ake onamizira aja, "Asisi, komiti ya chitukuko yasankhidwanso. Anthu akakamira ine kuti ndikhale wapampando."

Wapampando! Esinati yemwe uja ankabisala kumbuyo kwanga kapitawo akakalipa! Ndinamuyankha kuti zabwino zonse. Koma nsanje inandigwira, ndipo sindibisa. Ine ndinali nditawoloka malire a mayiko, koma dzina lomveka pamudzi linali la munthu amene sanasunthe.

Mlatho wa pamtsinje wa kuseri kwa nyumba yanga unali utakokoloka ndi mvula yamkuntho, ana popita kusukulu ankawoloka chovula. Khonsolo inalonjeza simenti ndi zitsulo, mudzi upereke mchenga ndi miyala. Ndiye Lamlungu lililonse amayi ankasenza mchenga m'ndowa kukwera nawo chitunda, Esinati patsogolo. Zithunzi zinkangobwera: Esinati ndi khansala, Esinati akuloza ndi chala ngati injiniya. Mauthenga ake ndinayamba kuwadula pakati.

Nditamva kuti mlatho autsegulira, ndinapempha tchuthi. Ndinagula diresi yonyezimira, wigi ndi nsapato zazitali. Ndinati andione, adziwe kuti ine Naliyera ndabwera, ndipo wapampando wawoyo aoneke ngati wochokera kudimba.

Nditafika kumudzi, m'mawa wa tsiku lotsegulira mlatholo ndinatuluka panja n'kuima chilili. Amayi onse a m'mudzi anali atavala nsalu imodzi, yobiriwira ya masamba achikasu, duku lakenso lomwelo. Ngakhale amayi anga, ndi mawondo awo ovuta aja, anaimanga m'chiuno n'kumayenda monyang'wa. Ndinapita kwa Esinati.

"Chemwali, yanga ili kuti?"

"Yanu yachiyani asisi?"

"Nsalu. Ngati ndi ndalama nena, ndilipira kawiri."

Anandigwira dzanja, chikhatho chake chokhakhala ngati chitsononkho. "Nsaluyi si yamalonda. Tinagwirizana pamsonkhano kuti avale okhawo amene anasenza mchenga. Mkazi wa khansala anaifunanso, tinamukaniza. Koma musadandaule, takusungirani malo abwino."

Ndikanakonda akanandinyoza, bwenzi nditamulalatira mtima n'kuphwa. Koma ayi, analankhula mwachikondi chenicheni, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri.

Malo abwinowo anali mpando wapulasitiki pansi pa tenti, pakati pa bwana wa ku khonsolo ndi mayi wina wa bungwe amene ankangoyang'ana wotchi. Anandipatsa Fanta ndi kaudzu komwera. Kunja padzuwa amayi anayambitsa nyimbo ya Chilomwe imene anaipeka posenza mchenga. Ankatchulana mayina mmodzimmodzi n'kumasekana: uyu anagwa ndi ndowa, uyu ankathawira m'nthochi kukapuma, uyu anabwera ndi kabeseni kosambitsira mwana. Aliyense akatchulidwa ankalowa pakati n'kudula chiuno, nthungululu zili wee. Amayi anga anatchulidwa kawiri. Ine ndinatchera khutu mpaka nyimbo inatha, ngakhale ndinkadziwa kuti mulibemo chonditchulira. Ndinalakalaka atandiimba ngakhale kuti ndine waulesi.

Bwana wa ku khonsolo anandiweramira. "Mayi, inu mwachokera bungwe liti?"

Ndisanayankhe, Esinati anatenga maikolofoni. Analankhula bwino, osanjenjemera, anthu ali chete, ndipo ndinadana naye chifukwa cha zimenezonso. Anathokoza khansala, amisiri, ndi amayi a nsalu yobiriwira. Kenako anatembenukira kutenti akumwetulira.

"Tilinso ndi mlendo wathu wochokera ku Joni. Aimirire kuti tiwaone."

Ndinaimirira, nsapato zikumira m'dothi. Amayi amene ndinakula nawo, amene tinkathyola nawo tiyi mame akutinyowetsa mpaka m'chiuno, anandiwombera m'manja mwaulemu kwambiri, mmene timawombera anthu a ku boma. Kuchokera pomwe ndinaima ndinkaona bwinobwino malata a nyumba yanga. Amayi anga nawonso ankawomba.