Batani la Pakati pa Mipando

Pikapu ya abambo inali yakale kuposa ine, ndipo mawindo ake ankatsika ndi chopukusa cholimba, mpaka munthu kutuluka thukuta. Kuchoka kwathu ku Mbayani kukafika m'tauni ndi pafupi, koma abambo ankatha theka la ola, chigongono chili panja, akupereka moni kwa wamakala, kwa owotcherera zitsulo, ngakhale kwa munthu amene anakangana naye dzulo lake. Ine zinkandinyansa chifukwa ndinkachedwa nazo kusukulu.

"Ife a ku Nsanje sitidutsa munthu ngati mtengo," ankatero.

Sitiroko inawagwira ine ndili kale pantchito, ndipo mbali yonse ya kumanzere inafa. Chiwongolero chinabwera kwa ine, iwo n'kusamukira pampando wa pambali, pomwe chopukusa chinali kudzanja lakufalo. Ankayesa kuchifikira ndi lamanja, koma galasi likamayamba kutsika, munthuyo tamudutsa kalekale. Kulisiya lotsekula sikunkatheka, fumbi la ku Mbayani linkawatsokomoletsa.

Tsiku lina potuluka m'tchalitchi amayi ena anati, "Madala aja chidwalireni ayamba matama, amangotiyang'anira m'galasi." Ndinafuna kuwayankha zoti sadzaiwala, koma ndinaona kuti abambo amva. Kuyambira pamenepo anakana kukwera galimoto, ngakhale tsiku la kuchipatala.

Ndinapita ku Limbe kwa amakaniko ena achisilamu, mnzawo wa abambo amene ankayendetsa naye malole kale. Anazula mota yotsitsira galasi pachitseko cha galimoto yochita ngozi, n'kumasula chitseko chathu m'kati, kuboola, kuwotcherera kachitsulo, kukoka waya kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi. Anatha tsiku lathunthu, kungopumira popita kumzikiti. Batani ndine ndinalamula kuti aliike kumbali yanga, ati kuwapeputsira ntchito odwala.

Loweruka ndinawanyengerera mpaka anakwera. Titafika pamsika ndinadina, galasi n'kutsika lokha myaa, ine ndikudikira kuyamikidwa.

"Mwadzuka bwanji madala?" anakuwa wamakala uja.

Abambo anangogwedeza mutu, maso kutsogolo. Tikulowa pakhomo ndinali nditapsa kale mtima.

"Ndiye ine ndavutikiranji, ababa?"

"Mayi," anatero ndi lilime lolemera lija, "moni wochita kukutsekulira wina si moni. Ukundionetsa kwa anthu ngati mbuzi yopita kumsika."

Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachitabe manyazi.

Amakaniko aja anaseka atandionanso. "Ine ndinadziwa, mwanangu, koma munabwera ndi moto." Anasuntha batani n'kuliika pakati pa mipando, pamene dzanja lamanja la abambo linkapumira.

Zaka zotsatirazo ndimazisowa. Ulendo unabwerera ku theka la ola lija. Loweruka lililonse ndinkachotsa fumbi m'njira ya galasi ndi mswachi wakale n'kupakamo girisi, iwo atakhala pampando pakhonde, akundiuza kuti ndapaka wambiri. M'nyengo ya mvula madzi ankalowa m'chitseko fyuzi n'kupsa, ndiye mafyuzi ena ankawasunga m'kabokosi ka machesi m'thumba la jekete, osalola aliyense kukakhudza. Ndikawasiya m'galimoto ku Limbe n'kulowa m'sitolo, ankatsitsa n'kukweza galasi mpaka batire kutha. Ndinkalalata, koma omwe awapatsa moniwo ndi amene ankatikankha.

Atamwalira, bokosi lawo linakwera pikapu yomweyo. Achibale anati mwana wamasiye sayendetsa galimoto ya maliro, ine ndinakana kupereka makiyi. Onse anakwera kumbuyo ndi bokosi, palibe anafuna kukhala pampando wawo.

Pamsika anthu anali ataimirira m'mbali mwa msewu, amuna zipewa m'manja. Wamakala analipo, owotcherera anali atazimitsa makina, amayi a kutchalitchi aja nawonso analipo. Onse ankayang'ana windo la kumanzere, lotseka. Dzanja langa linapita lokha pa batani, ndipo ndinalikhudza ndithu, pamalo pamene chala chawo chinafufuta utoto.

Ndinalisiya. Ndinapukusa windo langa, lolimba lija, n'kutulutsa chigongono panja, ndipo tinatha theka la ola tisanatuluke m'Mbayani.