Siling'i ya Chipinda cha Ana

Bambo anga ndi mmisiri wopenta nyumba, ndipo anthu ambiri amawadziwa ndi dzina loti a Odi. Dzinali linadza chifukwa cha khalidwe lawo lotopetsa. Asanatsegule chitini cha penti amayamba azungulira nyumba yonse akugogoda makoma, khutu atagunditsa kukhoma, ngati mkatimo muli munthu woti awayankhe. Pamene pamveka kuti pulasitala walekana ndi njerwa amalembapo mtanda ndi pensulo, ndipo burashi yawo sifika pamenepo mpaka patakonzedwa. Eni nyumba ena amawathamangitsa tsiku lomwelo. Iwo amangomanga makwerero panjinga n'kumapita, osakwiya, osapepesa. Atero zaka makumi anayi.

Ife ana awo tinakula tikuwaseka. Mayi ankati anakwatiwa ndi nkhanga, poti mwamuna wawo ankabwera kunyumba ali mawangamawanga kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Koma pansi pa mtima tinkanyada nawo, ine makamaka, ngakhale kuti ndine ndinatengera liuma lawo popanda kutengera kuleza mtima kwawo.

Ine ndine namwino. Chaka chatha ndinalandira kalata yondisamutsira kuchipatala china chakutali, yonena kuti Lolemba ndikayambe ntchito. Ndili ndi kanyumba ka zipinda zitatu kamene ndinamanga pang'onopang'ono kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kwathu kuno nyumba yopanda munthu sichedwa kuvulidwa. Ya aneba anga itangokhala mwezi umodzi yokhayokha, akuba anazula zitseko, mawaya a magetsi, mpaka sinki ya kukhitchini. Ndinkafuna munthu wa lendi alowe ndisananyamuke, zivute zitani.

Dobadoba wa nyumba, mkulu wina wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri, anandipezera banja loti lidzaone Loweruka masana.

"Mayi, anthu amasankha nyumba ndi maso," anatero. "Pakani penti yoyera paliponse. Makatani chotsani, dzuwa lilowe. Zithunzi za azibale anuzi tsitsani, munthu aziona ngati kwake kale. Zinazo adzazidziwa atalowa."

Wopenta ndinali naye waulere. Bambo anayamba Lachitatu, ndipo pabalaza, khitchini ndi chipinda changa zinatha popanda mtanda ndi umodzi womwe. Lachisanu m'mawa analowa m'chipinda cha ana. Pasiling'i panali banga la madzi lalikulu ngati mbale, limene ine ndinkalidziwa bwino koma ndinkangolithawitsa maso. Iwo analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga tochi n'kukwera kudenga kudzera pachibowo cha m'khonde. Ndinkamva akukwawa pamwamba panga. Atatsika, anatambasula dzanja. Munali chidutswa cha thabwa, ndipo atachifinya ndi zala ziwiri chinangoti nyenyenye, n'kukhala fumbi.

"Chiswe," anatero. "Matabwa awiri onyamula siling'iyi atsala khungu lokha. Lata limodzi likudontha, ndiye chapeza ponyowa. Tichotse zonsezi, tiike matabwa ena, tipopere mankhwala."

"Masiku angati?"

"Asanu. Akalipentala akapezeka msanga, anayi."

"Anthu akubwera mawa, ababa."

"Uwauze abwere sabata yamawa."

"Sabata yamawa ine kulibe! Yakhala choncho chaka chonse osagwa. Ingopentani, ndidzakonza ndikadzabwera patchuthi."

"Mwananga, penti sinyamula denga."

Apa ndi pamene ndinayankhula mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi. Ndinawauza kuti anzawo amene anayamba nawo ntchito akuyendera magalimoto, iwo akalamba akupalasa njinga chifukwa chokonda kukana ntchito. Ndinati kwa anthu ena azichita makaniwo, koma ine mwana wawo ndawapempha kanthu kamodzi kokha moyo wanga wonse. Ndinalira ndithu, ndipo misozi ina inali yoona, ina yowakakamizira.

Bambo anapukuta fumbi lija pa ovolosi yawo, n'kuyang'ana pansi.

"Nyumba ndi yako," anatero.

Ntchito imene anagwira tsiku limenelo sindinaionepo. Anakhoma misomali itatu pomwe thabwa linali likadagwirako pang'ono, kuti siling'i iwongoke. Anamata mng'alu, n'kudikira kuti paume, n'kupala ndi sandipepa mpaka posalala. Pabanga paja anayamba apaka penti yamafuta kuti chikasu chisatulukire, kenaka yoyera kawiri. Masana ndinawapititsira chakudya, koma anachisiya chovundikira pawindo. Pofika madzulo ngakhale ine mwini wake sindikanatha kuloza pomwe panali banga. Ndinati zikomo. Iwo anangokwera njinga.

Loweruka anabwera kudzatenga zida zawo, ndipo alendo anawapeza ali pampopi wa panja akutsuka maburashi. Dobadoba anali patsogolo, pambuyo pake bambo wina wamtali, mphunzitsi, ndi mkazi wake atabereka khanda. Kamtsikana ka zaka ngati zinayi kanali katagwira nsalu ya mayi ake.

Dobadoba anayamba kutamanda mawindo ndi matailosi, pakamwa pake posapuma. Koma mphunzitsi uja anaima pakhomo, akuyang'ana kumpopi.

"Kodi amenewa si a Odi?"

"Ndi bambo anga," ndinatero.

"Aa, ndiye tikuvutikiranji? Mayi a mwana, awa ndi aja anakana kupenta nyumba ya achimwene mpaka anagwetsa khoma la kubafa. Achimwene anatukwana, koma lero amawathokoza. Pomwe papita burashi ya amenewa, ine ndingagone osatsegula ndi diso lomwe kuyang'ana kudenga." Kenaka anakweza mawu. "Zonse zili bwino eti, bambo?"

Bambo anatseka mpopi pang'onopang'ono. Sanayang'ane mphunzitsiyo, anayang'ana ine.

"Funsani eni ake," anatero.

Mphunzitsi anaseka, kuyesa nthabwala za akuluakulu, ndipo tinalowa. Pabalaza anapakonda. Kukhitchini mayi uja anatsegula mpopi n'kugwedeza mutu mokhutira. Ine ndinkayenda pambuyo pawo makiyi ali m'manja, ndikudziuza kuti miyezi itatu yodikira tchuthi si yambiri, kuti mvula ikadali kutali, kuti chiswe sichidya usana ndi usiku. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza.

M'chipinda cha ana dzuwa linali litadzaza, makoma ali mbee.

"Ichi n'cha mtsikanayu," anatero mayi uja. Anayeza ndi mapazi kuchokera pakhomo. "Bedi lake likhala apa, kutali ndi windo, amadwaladwala chifuwa. Mng'ono wakeyu akasiya kuyamwa azidzagona naye pomwepa."

Pamene anaima panali pansi penipeni pa misomali itatu ija. Kamtsikana kaja kanasiya nsalu ya mayi ake, n'kugona chagada pasimenti, manja katatambasula.

"Amama, kumwambaku n'koyera!"

"Ndiye tatseka nkhani," anatero dobadoba, akutambasula dzanja kuti ndimupatse makiyi. "Alowa mawa."

Ine ndagwirapo ana ovulala ambiri pantchito yanga, ndipo ndimadziwa mmene mutu wa mwana wa zaka zinayi ulili wofewa. Dzanja langa linakana kutambasuka.

"Mayi, tatengani mwanayo mukaime naye pakhonde," ndinatero.

"Kwagwanji?"

"Chonde, tangomutengani. Nonse tulukani."

Mawu anga ayenera kuti anali achilendo, chifukwa anatuluka osafunsanso. Kuseri kwa chitseko kunali mopu. Ndinaitembenuza, n'kuima pambali, n'kukankha siling'i ndi ndodo yake. Sindinagwiritse ntchito mphamvu zoposa zotsegulira windo. Kunamveka kuthetheka, kenaka theka la siling'i linatsika lonse pamodzi ndi thabwa lalitali ngati munthu, n'kumenya pasimenti pomwe panagona mwana paja. Fumbi linadzaza chipinda. Chiswe chinali yakaliyakali pazidutswa.

Khanda linayamba kulira. Mayi uja anakumbatira mtsikana wake, ndipo mmene anandiyang'anira ndinalakalaka akanangonditukwana.

"Munkadziwa?" anafunsa mphunzitsi.

"Ndinkadziwa. Bambo anandiuza dzulo, anakana kupenta. Ndinawakakamiza ndine."

Anatenga banja lake n'kumapita. Dobadoba anatsalira pang'ono kuti andiuze kuti pantchito yake sanaonepo munthu wodziotchera yekha nyumba ngati ine, ndipo ndisadzamuimbirenso foni.

Bambo ndinawapeza atakhala pandowa yovundikira kuseri kwa nyumba, burashi yonyowa ili m'manja. Ndinakhala pansi pafupi nawo, fumbi lili mbuu m'tsitsi.

"Ababa, ndinalakwa. Ndikhululukireni."

"Waphwanya ntchito yabwino kwambiri imene ndinagwirapo," anatero, koma sanaseke.

"Ndikanapanda kutero, mukanawauza, eti?"

Ndinkayembekeza kuti avomera, kuti mtima wanga upepukeko. Iwo anapukusa mutu.

"Ayi. Ndinamva mwana uja akuti kumwamba n'koyera, ndili pawindo apa. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu osatuluka, chifukwa ndiwe mwana wanga. Zaka zonsezi ndimayesa ndine munthu wolimba. Kani kunalibe amene anandipempha ndikumukonda."

Ndinalira, ulendo uno misozi yoona yokhayokha. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa, kenaka anatambasula dzanja.

"Bweretsa makiyiwo. Iwe Lolemba uzipita kuntchito. Ine ndizigona muno mpaka nyumbayi itapeza anthu, amayi ako akadandaule kwa iwe."

Ndinawapatsa. Anawaponya m'thumba la ovolosi, n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kundituma kuti ndikabwereke wilibala kwa aneba yotutira zidutswa zija.