Ndinachitira umboni maloto a Petronella

Anzanga, sindine wolembalemba pano, koma izi zandikhala pakhosi.

Petronella ndinakumana naye pa kiosk ya madzi ku Chaisa, patatha miyezi isanu ndi itatu chiikireni mkazi wanga Sophia. Ndinali pamzere ndi zigubu ziwiri, mwamuna ndekha pakati pa azimayi.

"Ba Dingani, imwe kutapa manzi? Awe, letani kuno!"

Anandinyamulira chigubu mpaka pakhomo. Ndinkamudziwa pang'ono: mayi wa ana awiri, banja lake linatha, membala wa chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Sophia anatsogolera chigwirizanocho zaka zisanu ndi zinayi.

Petronella anayamba kubwera kwathu Loweruka lililonse. Ankasesa, ankandisokera mabatani, ankandiseka ndikapsereza ndiwo. Nanenso ndinayambanso kuseka. Tinagwirizana kuti ndikaonekere kwa amalume ake ku Kabanana.

Tsiku lina anafika maso ali ofiira.

"Nalota ba Sophia... Benze mu uniform. Banigwira kwanja ati, 'Petronella, unisungire bamuna banga na bazimai banga.'"

Ndinalira. Ndinkadziwa bwino kuti patsala milungu itatu kuti amayi asankhe chairlady watsopano, koma ndinadziuza kuti akufa sayang'ana kalendala.

Sophia tinamuika atavala uniform yake, monga timachitira ndi amayi achigwirizano. Duku lake lachiwiri linatsala m'sutikesi. Petronella analipempha, ndinapereka.

Atalengeza kuti akufuna mpando wa chairlady, amayi ena ananyinyirika. Ati munthu wopanda banja angatsogolere bwanji a m'mabanja?

"Mubwele chabe pa Thursday, mukambeko two words," anatero Petronella.

Ndinapita, nditavala jekete. Petronella atafotokoza maloto ake, ndinaimirira pamaso pa amayi makumi anayi.

"Ine nankala na Sophia twenty-three years. Mau aya ni yake."

Anaomba m'manja, ena analira. Petronella anapambana.

Ndinene chimene sindinkadziuza nthawi imeneyo. Sophia ali chairlady, pamaliro aliwonse ine ankandipatsa mpando wakutsogolo, pafupi ndi abusa. Atamwalira ndinabwerera pa njerwa, kuseri kwa tenti. Mpandowo ndinkaulakalaka. Bambo wamkulu, wa imvi, kulakalaka mpando wapulasitiki! Chikondi chinalipo, inde, koma sichinali chokha.

Atapambana, Loweruka linasanduka la misonkhano. Ndinadikira mwezi wathunthu, kenako ndinamulondola kwawo. Ndinamupeza akusita duku lija.

"Nanga va kwa ba malume?"

"Ba Sophia banabwela futi. Ati tiyembekeze, nchito ya Mulungu first."

"Ba Petronella... munalota zoona?"

Anaika simbi pansi n'kundiyang'ana m'maso osaphethira. Misozi inatuluka.

"Mwandi, munganifunse so? Ine nimadya chabe kamozi pa siku chifukwa cha ivi viloto!"

Ndinapita kukafuna wabodza, sindinamupeze. Wabodza amadziwako pamene choonadi chili. Uyu amalota chimene akufuna, akadzuka n'kuchikhulupirira ndi mtima wonse, mpaka kusala kudya. M'maloto akewo Sophia sanamuuzepo kuti atsike pampando, kapena kuti apepese kwa munthu.

Sindinabwererenso kwawo. Nayenso sanandifunefune.

Mwezi watha anachotsa pa komiti ba Chansa, mnzake wa Sophia wa pamtima, amene anamusambitsa masiku onse a m'chipatala. Ati Sophia wamuonetsa m'tulo kuti ba Chansa ali ndi mtima wakuda. Amayi anavomereza. Ndani angatsutsane ndi malemu?

Dzulo ndinakumana nawo ba Chansa pamsika wa Mandevu. Ndinawapatsa moni.

"Ine sinikwiyila Petronella," anatero. "Uja ni wa njala ya mpando, tonse timuziba. Koma imwe, ba Dingani. Ni imwe munaimilila. Ni imwe munakamba ati mau ni yake."

Anzanga, atatero anakonza chitenje chawo n'kumapita.