Nyale Yosalasa M'maso

Atate anga anawotcherera mageti ku komboni ya Kalingalinga zaka zambiri, ndipo ntchitoyo inawawonongera maso. Babu wamba ankawalasa mpaka misozi chuchuchu, koma mdima nawo ankauopa chifukwa ankapunthwa pa mipando. Malaiti akapita madzulo, ankangokhala duu pamene mdima wawapezera, kudikira wina abweretse kandulo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku mayadi, kwa mayi ena amene mwana wawo anapita kunja n'kusiya pulinta m'galaja. Siinali ya mapepala ayi. Inkasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumaumba chinthu pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere. Tsiku limene mayiwo anandiuza kuti ndikaitaye, ndinaikulunga m'chitenje pamodzi ndi ulusi wake, n'kuisenza pamutu wapansi mpaka kwathu.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankawotcherera limodzi ndi atate, anandiona ndikulowa nayo.

"Iwe, vinthu ivi uzachita navo chani? Mkazi na mawaya? Uzatiotchera nyumba."

"Nizapangira batate nyale," ndinatero.

"Nyale ku msika ni mbwee."

"Zilipo, bamalume, koma zonse zibalasa m'maso."

Ndinaphunzira pa foni, nthawi yopuma masana kuntchito, mavidiyo omwewo kubwereza mpaka kuwaloweza. Ndinagula timababu ta LED, kabolodi kakang'ono kolankhulana ndi foni, ndi kadiso komva ngati kwada kapena kwawala. Mabatire ndinachotsa mu laputopu yakufa. Zala zinapsa ndi mtovu wolumikizira mawaya, koma mbali imeneyo inatheka.

Chimene chinandivuta ndi chivundikiro chofewetsa kuwala. Pulinta inkafuna maola ambiri osaima, pamene malaiti kwathu ankapita nthawi ina iliyonse. Kanayi konse anapita chili pakati, n'kundisiyira chinthu chonga mbale yoduka. Chimodzi amalume anachivala kumutu ngati chipewa n'kumayenda nacho pa shedi yawo, anzawo akugwa ndi phwete. Nditawapempha kuti ndilumikizeko ku jenereta yawo, anayankha osandiyang'ana n'komwe.

"Jenereta ni ya nchito, osati masewera."

Sindinawapemphenso. Ndinabwerera pa chojambula changa cha chivundikirocho n'kuchigawa m'tizidutswa tisanu ndi titatu, kalikonse kotha kusindikizika ola lisanakwane, kokhala ndi timano tolumana ndi kanzake. Malaiti akabwera ndinkasindikiza kamodzi, akapita ndinkadikira. Patatha masabata awiri ndinatilumikiza tonse patebulo, tinalumana gwa.

Madzulo oyamba, kunja kutayamba kuchita chisisira, nyale inayaka yokha. Kuwala kwake kunali kofatsa, kwachikasu. Ndinakutsitsa pa foni pang'onopang'ono mpaka atate anakweza dzanja.

"Pamene apo. Usachose, usaonjeze."

Anayang'ana m'chipinda monse osatsinzina. Kenako ananyamuka, nazungulira tebulo osagwira khoma.

Nkhani inaipa pamene mayi ena a kutchalitchi kwathu anabwera kudzacheza ndi amayi madzulo ena. Komboni yonse inalibe malaiti, ndiye anaona nyale ikuyaka popanda woikhudza. Sanamalize n'komwe tiyi wawo. Pofika Lachisanu, pa mpope pankamveka zoti mwana wamkazi wa owotcherera uja walowa zausatana, n'chifukwa chake sakwatiwa. Amayi analira, nandichonderera kuti ndiibise pansi pa bedi.

Loweruka m'mawa ndinatulutsa tebulo n'kuliika m'mbali mwa msewu, pamene anthu amadutsa popita kukatunga madzi. Ndinamasula nyale ndi sikuludiraiva, zam'kati zonse poyera. Anthu anasonkhana, mayi a kutchalitchi aja ataima kumbuyo ndi chigubu chawo.

"Bamayo, bwelani. Ikani chala pa kadiso aka."

"Ine? Ningayese!"

Ndinaika changa, nyale inayaka. Ndinachotsa, inazima. Ndinabwereza katatu. Ana anayamba kukankhana kuti ayeseko, koma akuluakulu anangopinda manja.

Apo atate anatuluka m'nyumba, dzanja litatchinga dzuwa kumaso. Anafufuza kadiso kaja ndi chala chawo chokhakhala, nakatseka.

"Ine nasebenza na moto na mawaya kuchokela nili mnyamata," anatero mokweza. "Apa pali waya, batire na nzelu za mwana wanga. Wamene aona satana apa abwele anilangize."

Palibe anabwera. Mayi aja anasenza chigubu chawo n'kumapita, ndipo anatha miyezi osandipatsa moni. Amalume nawo mpaka lero sanavomereze kuti inatheka.

Nditaimanganso nyale ija, ndinaibwezera pakona pamene inkakhala. Atate anainyamula okha, nakaiika pawindo loyang'ana kumsewu, n'kukoka katani yonse kumbali.