Nsapato za Pansi pa Guwa

Alendo akalowa m'tchalitchi chathu amafunsa kuti nsapato zakuda zili pansi pa guwazo anaziiwala ndani. Palibe anaziiwala. Anaziika pamenepo ndi akatekisiti athu amene tawaika m'manda mwezi wathawu, aja tonse tinkawatchula kuti a Chidendene.

Anabadwira m'banja losauka, ana asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Bambo awo atamwalira, sukulu anaisiyira panjira n'kukaphunzira kusoka nsapato kwa amalume awo pakhonde la sitolo. Anasoka za anthu ena zaka khumi, koma zawozawo anayamba kuvala tsiku la ukwati. Munthu ankayamba kumuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo. "Nsapato sinama," ankatero. "Iwe ukuti unali ku Misa, koma matope awa ndi a kumowa." Popeza wansembe ankabwera kamodzi pamwezi, mpingo unawasankha kuti azitsogolera mapemphero. Anakana kawiri, kachitatu anavomera.

Chaka chimene asilikali analanda boma, anafunanso malo a kuseri kwa njanji, kumene kunkakhala amphawi a mpingo wathu. M'mawa wina kunafika malole. Amuna khumi ndi awiri anaima pamakomo a nyumba zawo n'kukana kuchoka. Asilikali anawavula nsapato kuti asathawe, n'kuwakweza m'lole. Akazi awo atakafunsa pageti la kampu, anawayankha kuti: "Sitinagwire munthu ife. Amuna anuwo angokuthawani."

A Chidendene anatola nsapato zija mumsewu n'kuziika m'thumba. Zonse zinadutsapo m'manja mwawo, ndipo ankadziwa mwini wa iliyonse. Lamlungu anazindandalika pansi pa guwa, n'kumanyamula peyala imodziimodzi. "Izi ndi za kalipentala, amadya chidendene chakumanzere. Timupempherere. Izi ndi za mlonda wa pasukulu, zingwe zake n'zosiyana."

Kunyumba mkazi wawo sanawasekerere. "Bambo a ana, mukufuna kundisiyira umasiye? Pakamwa muli napo nokha m'dziko muno?"

"Mantha ndili nawo, mayi," anayankha. "Koma ndikakhala chete ine, ndiye kuti anthu aja sanakhaleko. Adzawapha popanda wofunsa."

Lamlungu lachinayi, nyimbo yoyamba isanathe, lole inaima panja. Mkulu wa asilikali analowa ndi anyamata ake asanu ndi mmodzi, mfuti zili m'manja, zipewa zili kumutu. Nyimbo inafera pakhosi. A Chidendene ananyamula nsapato za kalipentala n'kumutchula monga mwa Lamlungu lililonse.

"Chotsa zinyalalazi," anatero mkuluyo.

"Si zinyalala, bwana. Ndi katundu wa makasitomala anga. Ndikudikira eni ake."

"Ndanena kale kuti sitinagwire munthu."

"Nanga anapita kuti osavala, bwana? Mwamuna wothawa mkazi amayamba wavula nsapato?"

Mkuluyo anangoloza ndi chibwano. Msilikali wina anagwira dzanja lamanja la akatekisiti, n'kuligoneka pabenchi, n'kulimenya ndi thako la mfuti. Kuthyoka kwa zala kunamveka mpaka kukhomo. A Chidendene anagwa chogwada, maso achita mdima. Mumtima ankangofuna kunena kuti chabwino bwana, ndichotsa. Koma patsogolo pa nkhope yawo panali nsapato za zingwe zosiyana zija. Anazinyamula ndi dzanja lamanzere.

"Izi ndi za mlonda wa pasukulu. Timupempherere."

Msilikali uja anakoka chitsulo cha mfuti, ana anabisa nkhope m'zovala za amayi awo. Kenaka kunamveka mapazi kuchokera kumbuyo. Anali mkazi wa a Chidendene, yemwe uja wa mantha. Anafika pa guwa, anavula nsapato zake n'kuziika pamzere.

"Izi ndi za mkazi wa wosoka nsapato," anatero. "Mukanditenga, musadzati ndinathawa."

Mkazi wa kalipentala anadzuka, kenaka woimbitsa kwaya, kenaka benchi yonse. Posakhalitsa mpingo wathunthu unali chiimire pasimenti osavala, ndipo mulu wa nsapato unafika m'maondo mwa asilikali. Mkuluyo anayang'ana muluwo nthawi yaitali, anatukwana, n'kutuluka.

Nkhaniyi inayenda, ndipo Lamlungu lotsatira matchalitchi ena anapemphera osavala. Patatha miyezi iwiri, amuna khumi ndi mmodzi anatayidwa m'mbali mwa msewu, ataonda ngati ndodo koma amoyo. Aliyense anabwera kudzavala zake pa guwa. Mlonda wa pasukulu sanabwere, ndipo mpaka lero palibe anatiuza kumene anagona.

Zala za a Chidendene sizinawongokenso. Anaphunzira kusoka ndi dzanja lamanzere, n'kumaseka kuti tsopano nsapato zikapotoka anthu azikamuimba mlandu msilikali. Za kubwezera sanalole kuti zitchulidwe pamaso pawo, koma za kuiwala ankakwiya nazo kwambiri. Loweruka lililonse, kwa zaka makumi atatu, ankapukuta nsapato za mlonda ndi polishi, ndipo mkazi wa mlondayo sanagonepo ndi njala iwo atadya.

Anadwala masabata atatu okha. Tsiku lomaliza, masana, analandira masakramenti, n'kupempha kuti awabweretsere nsapato za mlonda zija. Anazitembenuza, anagogoda zidendene ndi chala, n'kuzipereka kwa mkazi wawo.

"Zikadali bwino. Muzizipukuta, mayi. Ndikakamupeza uko ndikamuuza kuti sitinamuchotse pamzere."

Anatseka maso ngati munthu woweruka kuntchito. Loweruka lapitali mayi athu okalambawo, mkazi wa a Chidendene, anabwera ndi polishi ndi burashi, koma anapeza anthu anayi afika kale, aliyense ndi kansalu kake.